Sindikwera Basi Imeneyi

Pa Park Station ku Joni, pamzere wa basi yopita ku Blantyre, bambo wina waimvi anangokhala pachikwama chake osasuntha. Mayi amene anali kumbuyo kwake anatopa n'kudikira.

"Madala, mzeretu ukuyenda."

"Dutsani, mayi. Ine sindikwera."

"Nanga chikwamachi?"

"Walongedza ndi mwana wanga. Akuti ndakalamba, mutu wasokonekera, ndikapume kumudzi."

"Kodi mumaiwaladi?"

"Ndinkaiwala, sindikana. Ndine telala ku Fordsburg. Tsiku lina ndinadula mikono inayi ya diresi limodzi laukwati, ndipo poweruka ndinasochera njira ya kufulati."

"Eish! Ndiye mverani mwanayo, abambo."

"Sindimvera! Kwathu ku Joubert Park phokoso silitha. Kuti ndipeze tulo, ndinkamwa timapiritsi ta chimfine togonetsa tija tsiku lililonse. Anamwino a kukiliniki anati mankhwala otere amatha kuiwalitsa anthu achikulire. Anandisiyitsa mwezi watha."

"Ndiye mwachira?"

"Tulo ndi tochepa, koma mutu ukuyera. Mnyamatayu safuna kumva, akuti ndi liuma chabe."

"Nanga atakhala kuti akunena zoona?"

"Zimenezo tidzazionera pamakina osokera, osati pakhonde kumudzi. Ndikachoka lero, mawa abwana aikapo wina. Ku Joni kuno mpando sudikira munthu."

"Si ameneyo akukukodolani pakhomo la basi apo?"

"Ndi yemweyo."

"Watupatu kumaso. Mukamuuza chiyani?"

"Tikiti ili m'manja mwake. Akwere yekha, amayi ake amusowa."