Olerera Eni: Mbiri ya Dokotala Vandi Kaitibi

Malemu amene tawazungulira pano, Dokotala Vandi Samuel Kaitibi, anabadwa pa 9 Malichi 1961 m'mudzi mwathu kufupi ndi Segbwema. Bambo athu, Pa Momoh Kaitibi, anali mlimi wa koko ndi khofi, pomwe mayi athu, Mami Gilo, ankayenga mafuta a kanjedza. Tinabadwa asanu ndi mmodzi, malemuwa achiwiri, ine mzime. Musadabwe kuona munthu wamkazi ataima pano. Amuna onse amene tinabadwa nawo anatsogola, komanso malemu anachita kunditchula dzina kuti mbiri yawo ndidzanene ndine, ati chifukwa ine sindidziwa kuzungulira nkhani.

Mu 1967 anayamba sukulu ya mishoni ku Segbwema. Anali mwana wa mafunso otopetsa. Mayi akawapatsa mankhwala a malungo, iwo m'malo momeza ankayamba afunsa kuti mtengo wake ndi uti, nanga mankhwalawo akafika m'mimba amadziwa bwanji kuti kukuwawa ndi kumutu. Mu 1974 anasankhidwa kupita ku sekondale ku Bo, mu 1981 ku yunivesite ku Freetown, ndipo mu 1986 anapita ku Ibadan kukazama pa maphunziro a momwe mankhwala amagwirira ntchito m'thupi la munthu. Anzawo ambiri anapitirira komweko kutsidya la nyanja. Iwo anabwerako mu 1990 ndi sutikesi ya mabuku, atavala nsapato zomwe anapita nazo.

Pa 29 Disembala 1990 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Baindu Sowa, mphunzitsi wa ku Kenema. Chimwemwe chaukwati chisanazizire, nkhondo inatipeza. Za nkhondoyo sindinenapo kanthu, poti aliyense wakhala panoyu ali ndi manda ake amene amawadziwa.

Nkhondo itatha mu 2002, m'misewu ya Kenema munatsala anyamata amene kutchire ankawamwetsa ndi kuwanunkhitsa mankhwala kuti azipha osaphethira. Mfuti anatula, koma chibaba cha mankhwalawo sanatule. Mu 2003 malemu anatulutsa matumba a mpunga m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yawo, n'kuikamo benchi ndi tebulo. Anyamata aja anayamba kubwera, mmodzimmodzi, kenako m'magulu. Malemu ankawayeza, kuwamvetsera, kuwachepetsera poizoniyo pang'onopang'ono, n'kumalemba zonse zimene akuona kuti adziwe chimene chikuthandiza ndi chimene sichikuthandiza. Alamu anga a Baindu ankaphika mpunga ndi chigwada zokwanira banja lawo, pofika nthawi yodya n'kupeza mbale yazunguliridwa ndi khamu.

Mu 2005 analowa Bungwe la Ofufuza za Mankhwala Ozunguza Bongo m'mayiko a kuno kuzambwe, limene akuluakulu ake atilemekeza pokhala nafe lero. Bungweli limakumana mwezi wa Okutobala chaka ndi chaka, chaka chino ku Accra, chinacho ku Dakar, chinacho ku Abuja. Achimwene ankaukonda msonkhanowu ngati mwana akondera Khrisimasi. Jekete ankachapitsa mwezi usanakwane. Kumeneko n'kumene ankapeza anthu omva chilankhulo chawo, chifukwa kunyumba kuno akayamba za ubongo, ife tinkangoyasamula.

Msonkhanowu uli ndi mwambo wake. Tsiku lomaliza ndi la achinyamata. Membala wamkulu aliyense amaloledwa kubwera ndi wophunzira mmodzi, n'kumuimiritsa pamaso pa onse ndi kumuchitira umboni: uyu ndi wanga, ndamuona ntchito yake, mutha kumukhulupirira. Kutsogolo kumakhala alendo a m'mayunivesite ndi m'zipatala za kunja, amene abwera ndi malo a maphunziro ndi a ntchito. Amene wachitiridwa umboni wamphamvu, mwayi ndi wake. Malemu nawonso mwayi wotere unawapeza mu 2006, koma anaukana mwaulemu, n'kubwerera kuchipinda chawo chija.

Vuto la achimwene linali lakuti umboni ankautha. Akaima kunena za mwana, mwanayo ankapita basi. Mu 2008 anaimiritsa a Alimamy Conteh ku Dakar, ndipo lero ndi pulofesa ku Canada. Mu 2011 anaimiritsa Mayi Finda Yamba, ndipo lero ali ku Mangalande. Anatsatira enanso, wina ku Amereka, wina ku Jeremani. Onsewa ananyamuka akulumbira kuti abweranso, ndipo ine sindiwada, chifukwa ndikudziwa kuti polumbirapo sankanama. Koma munthu ukakwatira kumeneko, ana n'kuyamba sukulu, njira ya ku Kenema imamera udzu.

Ine ndinkawaseka malemu poyera. Ndinkati, "Achimwene, inu ndinu woweta nkhuku za eni. Chimanga n'chanu, khola n'lanu, ikanona akudya ndi ena." Iwo ankangogwedeza mutu n'kuti, "Mlongo, mwana waphunzira ndimumange mwendo ngati mbuzi? Akatsala ndizimulipira chiyani, chigwada cha alamu akowa?" Tinkaseka tonse, koma ine ndinkaona kuti akatsekula chitseko m'mawa ali okhaokha, kuseka kuja kunalibe. Kangapo konse anaimirira pamsonkhano kupempha kuti malo ena a ntchito azikhala kwathu konkuno. Anthu ankawomba m'manja, ndi mtima wonse ndithu, koma thumba lolipirira malo oterowo silinapezeke.

Cha mu 2019 kunabwera kushi, fodya uja watimalizira ana. Palibe pano amene akufunika kumufotokozera. Mwawaona akugona choimirira pamsika, mapazi atatupa, zilonda zili tobutobu. Ena ndi ana anu. Mzere wa kuseri kwa nyumba ya malemu unayamba kufika kumsewu, munthu wothandiza ali mmodzi, tsitsi litayera.

Mu 2020 kunabwera namwino wachitsikana, Mayi Jattu Lansana, amene akhala apo pambali pa alamu anga. Anali atangoika m'manda mchimwene wawo amene kushi anamutenga. Anabwera kudzathandiza kutsuka zilonda, koma posakhalitsa malemu anaona kuti mwanayu ali ndi mutu. Anamuphunzitsa zonse, kuyeza, kuchepetsa mankhwala, kutumiza fodyayo kokamupima, ngakhale kulemba zofufuza. Anyamata ouma mitu amene ankatukwana aliyense, kwa Jattu ankakhala pansi n'kutambasula mwendo.

Tsopano ndafika pamene malemu anandilamula kuti ndinene, ngakhale pakamwa pakulemera. Malemu sanamutengeko Jattu kumsonkhano. Okutobala wa 2021 anati pasipoti ichedwa. Wa 2022 anati malo m'ndege atha. Wa 2023 anati odwala achuluka, wina atsale. Mwanayo ankangovomera, osadziwa kanthu. Tsiku lina titakhala pakhonde, achimwene anandiuza maso ali pansi: "Mlongo, mwana uja ndikumubisa. Ndikangomuimiritsa, amutenga tsiku lomwelo." Ine ndinati, "Mubiseni! Mwalerera eni mokwanira." Iwo anati, "Nanga anzake aja ndinawapatsa, iyeyu walakwa chiyani? Walakwa kukhala wabwino koposa onse?" Munthu anali atagwira njakata: akamumasula mwanayo, anyamata a pabenchi atsala opanda munthu, akamusunga, ndiye kuti akumubera tsogolo. Nkhani imeneyi inawadya achimwene kuposa matenda.

Mu Juni 2024 anayamba kudandaula kutupa miyendo ndi kubanika. Madokotala anapeza kuti impso zatopa. Anagonekedwa ku Freetown kawiri, n'kubwerera kunyumba. Pofika Okutobala sankatha kuyenda mpaka pageti, koma zofufuza zawo za kushi zinali zoti zikawerengedwe kumsonkhano ku Banjul. Akanatha kungotumiza kuti mnzawo wina awawerengere, ndipo ine ndinawauza zomwezo. Sanandimvere. Anatuma Jattu, n'kuimbira foni mnzawo wakale, Pulofesa Njie, amene ali nafe pano, kuti tsiku lomaliza amuimiritse m'malo mwawo. Umboni wake anachita kuwalakatulira pafonipo, akupumira m'mwamba. Ine ndinali pakhomo la chipinda ndikumva, misozi ili chuchuchu, chifukwa ndinadziwa kuti ndi umboni wotero palibe mlendo angamusiye.

Ndi mmene zinakhaliradi. Jattu anabwerako atapatsidwa malo a maphunziro apamwamba ku Scotland. Anafikira pabedi la malemu n'kugwada, nati, "Adokotala, ine sindipita. Anthu awa ndiwasiyira ndani?" Achimwene, munthu amene mawu anali atayamba kale kuthawa, anakalipa mpaka tinamva kukhitchini: "Upita! Ndakubera zaka zokwanira. Ukatsala chifukwa cha ine, ngakhale kumanda kwanga usadzafike." Atatero anatembenukira kukhoma. Usaone kulimba mawuko, kukhomako ankalira.

Chiyambire Novembala, malemu anayesa paliponse kuti apeze wolowa m'malo. Anaimbira ana awo onse a kunja aja. Onse analira pafoni, ena anatumiza thandizo la kuchipatala, ndipo tikuthokoza, koma wonena kuti ndikubwera sanapezeke. Bungwe linalengeza kwa mamembala ake m'mayiko onse kuti ku Kenema kukufunika munthu. Mpaka lero palibe wayankha. Masiku awo omaliza, aliyense wolowa m'chipinda ankamufunsa funso limodzi, ngati wina wapezeka. Ife tinkangoti tikudikira. Anatisiya m'mawa wa Lachiwiri, pa 11 Febuluwale 2025, ali ndi zaka 63, dzanja lawo lili m'manja mwa akazi awo.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Baindu Kaitibi, ana atatu, Momoh, Massa ndi Samuel, zidzukulu zinayi, ndi ine mlongo wawo.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi amene mwakhala mukuphika ndi kugona nafe pasiwa, madokotala ndi anamwino amene munayesetsa, anzawo a kabaza amene munkawanyamula osawerengera, ndi akuluakulu a bungwe amene mwayenda mtunda wautali. Nkhata zamaluwa zochokera ku Canada, ku Mangalande ndi kwina konse tazilandira. N'zokongola kwambiri.

Ndikuthokozanso inu anyamata mwaima kumpandako, amene mwakana kulowa chifukwa cha manyazi a zovala. Manda amene tikupitako mwakumba ndinu, ena mapazi ali chitupire, ndipo palibe anakutumani. M'mawa uno mmodzi wa inu anandigwira nsalu n'kundifunsa kuti, "Mami, ndiye tizibwera kwa ndani?" Ndinanamizira kutanganidwa. Pepani ana anga, sikunali kutanganidwa. Yankho ndilibe. Alamu anga akuti mpunga azikuphikiranibe, koma mpunga si mankhwala. Jattu anyamuka kumapeto kwa mwezi uno, ndipo akadzatseka chipinda chija, sitikudziwa amene adzachitsekule.

Tsono mawu amene malemu anandisiyira ndi awa. Pasapezeke munthu, wachibale kaya wodwala, woloza chala mwanayu kuti wathawa. Sanathawe, achita kumuthamangitsa ndi iwo. Jattu mwanawe, mtima wanga ukufuna kukugwira mwendo pompano pamaso pa anthu onsewa, koma anandiletsa. Pita ukaphunzire.

Achimwene, mawu anu ndafikitsa, ngakhale andiwawa ponena. Mzimu wanu uuse mumtendere.