Anjimile Akadzafunsidwa

Lamulungu masana pa siteji ya basi ku Woolwich, Mayi Effie ankapukutabe misozi. Kutchalitchi anali ataonetsa filimu ya mtsikana yemwe anawomberedwa pasukulu atakana kutaya chikhulupiriro. Bambo wina wachilendo, amene anaonera nawo, anawasendera pafupi.

"Yakukhudzanitu, mayi."

"Ilekerenji? Mfuti ili pamphumi, mwana n'kumanenabe kuti Yesu ndi wanga! Ana athu okulira kuno kwa azungu angathe zimenezo? Wanga Anjimile ndinachita kumukoka, koma filimu yonse maso ali pafoni. Ndamusiya komweko, akwere basi yakeyake."

"Ndiye mukufuna atengere mtsikana uja?"

"Eyatu! Chikhulupiriro n'chimenecho."

"Nanga kusukulu kwawoko wina atamutulutsira mpeni n'kumufunsa funso lomwelo?"

"Aaa, bambo inu, musandilodzere mwana! Ameneyo ndinamuuza kalekale kuti akane, ataye chikwama, aliyatse liwiro."

"Akane Yesu?"

"Mtumwi uja sanakane katatu, makiyi akumwamba n'kupatsidwabe? Wamufilimuyo anadzuka n'kukasamba magazi abodzawo. Ine ndinabereka mmodzi yekha."