Kabotolo kamene ndinakasiya pabenchi

Abale ndi alongo amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ena a inu munalipo m'tchalitchi mwathu ku Chalimbana tsiku lija ndinapereka umboni kuti Mulungu wandipulumutsa pangozi ya ndege. Munaimba nthungululu, ena mpaka munagwetsa misozi. Lero ndikufuna mudziwe kuti umboni uja unali ndi bodza m'kati mwake, ndipo bodzalo linatsala pang'ono kuchotsetsa ntchito bambo wosalakwa. Ndikulemba izi ndi manyazi aakulu.

Ine ndimagwira ntchito m'boma ku Lusaka, koma ndinamanga nyumba kuno ku Chalimbana. Kuyambira ubwana ndinkalakalaka kuuluka. Choncho ine ndi anzanga atatu tinagula limodzi kandege kakale ka mipando iwiri, n'kumakasunga pafamu ina kufupi ndi Palabana, pomwe pali bwalo laudzu ndi shedi yosungiramo ndege. Loweruka lililonse ndinkapita kumeneko kukaphunzira kuyendetsa. Mphunzitsi wanga anali Ba Mutinta, mayi wosasekerera zibwana pantchito. Wothira mafuta ndi kukonza injini anali Ba Njovu, makanika wachikulire amene ankabwera panjinga ya kapalasa tsiku ndi tsiku.

Pali lamulo limodzi limene aliyense woyendetsa ndege zazing'ono amalidziwa ngati dzina lake. Musanauluke, mumatenga kabotolo koonekera m'kati, n'kutapa mafuta pang'ono pansi pa phiko lililonse, chifukwa matanki amakhala m'mapikomo. Mafuta a ndege ndi a buluu, ndipo ngati m'thanki mwalowa madzi, amaoneka atakhala pansi pa kabotoloko. Madzi akafika mu injini, injini imazima muli m'mwamba. Kandege kathu kali ndi mapiko am'munsi, moti kuti mutape mafutawo muyenera kugwada pansi. Ntchito imeneyi si ya makanika, ndi ya woyendetsa mwiniwake.

Ba Mutinta atandilola kuti ndizizungulira bwalo ndekha, mutu unandikula. Kuntchito ndinayamba kuyankha anthu akandiitana kuti kaputeni, chonsecho laisensi ndinalibe. Ndinagula malaya oyera okhala ndi timizere tagolide pamapewa, ndi buluku loyenerana nawo. Kenako ndinaitana azibambo a mumpingo mwathu kuti adzandionere, ndipo anabwera atadzaza minibasi.

Dzulo lake mvula inagwa tsiku lonse, ndegeyo ili panja. Ba Mutinta anapita kumapeto kwa bwalo kukaona ngati nthaka yauma mokwanira, Ba Njovu anali kuseri kwa shedi. Ndinatenga kabotolo kaja, n'kuyandikira phiko. Pansi pake panali matope okhaokha. Ndinayang'ana matopewo, ndinayang'ana buluku langa, kenako ndinayang'ana azibambo aja atakweza mafoni kuti andijambule. Mumtima ndinati, kaputeni angagwade m'matope anthu akujambula? Ndinabwerera mushedi ngati ndaiwala kanthu, n'kukasiya kabotoloko pabenchi kali kouma.

Ndege inanyamuka bwinobwino. Nditangodutsa mitengo ya kumapeto kwa bwalo, injini inatsokomola kawiri, kenako zii. Sindidzaiwala bata limenelo. Manja anachita okha zimene Ba Mutinta anandiphunzitsa: ndinatsitsa mphuno ya ndege, osayesa kutembenuka, n'kulunjika m'munda wa mtedza umene unali patsogolo. Tayala lakutsogolo linathyoka, ndege inapalasa mizere ya mayi wina wa m'mudzimo, koma ine ndinatuluka wopanda ngakhale bala.

Ba Mutinta anafika akuthamanga, wefuwefu. Ataona kuti ndili moyo, anandiyang'ana m'maso n'kufunsa za madzi a m'thanki kuti, "Ba Mwanza, manzi munachotsa?"

Azibambo aja anali atandizungulira. Ndinayankha kuti, "Ninachotsa, munalibe kanthu."

Akatswiri ofufuza ngozi atabwera, anapeza madzi m'mapaipi a mafuta. Popeza ine ndinanena kuti ndinatapa ndipo munali bwino, maso onse anatembenukira kwa amene anathira mafuta ndi kugwira injini sabata imeneyo. Ba Njovu anaimitsidwa ntchito, laisensi yawo ya umakanika inagwidwa kudikira tsiku lomva nkhaniyo. Ntchito imene anaigwira moyo wawo wonse popanda chilema inali pangozi chifukwa cha buluku langa.

Ndipo Lamulungu lotsatira, abale, ndinaimirira kutsogolo kwanu n'kupereka umboni. Ndinafotokoza za injini yozima, za dzanja la Mulungu, ndinakometsera mpaka mawu ananjenjemera. Za kabotolo sindinanene. Zoti Mulungu anandipulumutsa zinali zoona, koma ine ndinatenga chifundo chake n'kuvindikira nacho bodza langa.

Masabata atatu otsatira anali owawa kuposa ngoziyo. Chakudya chinkandikanika. Mkazi wanga ankaganiza kuti ndi mantha a ngozi, n'kumandipempherera, ndipo pemphero lake lililonse linkandibaya. Ndikafuna kupemphera ndekha, ndinkalephera. Tsiku lina ndikupita kuntchito ndinaona Ba Njovu m'mbali mwa msewu akumata chubu cha njinga ya munthu, ine n'kutembenuzira nkhope kumbali kuti asandione. Ndinaimika galimoto patsogolo pang'ono n'kulira. Pemphero lokhalo limene linatuluka linali lakuti, Ambuye, ine ndine wamantha, sindingathe kuulula ndekha, ndithandizeni.

Kutatsala tsiku limodzi kuti nkhaniyo imvedwe, masana, ndinamva belu la njinga pageti. Anali Ba Njovu, atapalasa kuchokera ku Palabana. Anakana kulowa m'nyumba, tinakhala pakhonde. Titapatsana moni, anapisa m'thumba la jekete n'kuika kabotolo kaja patebulo.

"Ba Mwanza, aka munasiya pa benchi," anatero. "Ninakapeza kouma pamene ndege inali kuthamanga kale. Ninathamanga kukuimitsani, koma simunanione."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanauze ofufuza aja. Iwo anati, "Nikanakamba, mukanakana, ndiye bodza ikanakhala iwiri. Nenze kupempela kuti mukambe mweka. Manje mailo, pomva nkhani ija, nizakamba zamene ninaona, chifukwa nili na bana. Koma nabwela kuti muyambe ndimwe."

Bambo amene ndinamuponya m'dzenje anapalasa njinga mtunda wonsewo kudzandipatsa mpata woti ndidzipulumutse. Mkazi wanga anali ataima pakhomo, wamva zonse. Ndinatsika pampando n'kugwada pamaso pa Ba Njovu, ine amene ndinakana kugwada pansi pa phiko. Iwo anandidzutsa msangamsanga, akuti, "Iyayi, imani, ine sindine Mulungu."

M'mawa mwake ndinaulula zonse pamaso pa ofufuza, Ba Mutinta ndi anzanga atatu aja. Musaganize kuti zinatha mokoma. Anandiletsa kuuluka kwa miyezi ingapo, anzangawo anandikwiyira koopsa, ndipo Ba Mutinta anandiuza poyera kuti kulakwitsa akanakhululuka tsiku lomwelo, koma bodza mu ndege limapha anthu. Kwa mayi mwini munda uja ndinapita kukapepesa ndi kukonza mizere ndi khasu. Kutchalitchi ndinaimiriranso kutsogolo, ndipo tsiku limenelo panalibe nthungululu. Koma Ba Njovu anabwezeredwa laisensi yawo, ndipo Lolemba lake njinga yawo inali itatsamira pashedi monga kale.

Ndikuthokoza Mulungu pondipulumutsa kawiri. Koyamba anandichotsa m'munda wa mtedza ndili wamoyo. Kachiwiri, komwe ndi kwakukulu, anandichotsa m'bodza langa kudzera mwa munthu yemweyo amene ndinamulakwira. Ngati pali wina pakati panu amene akuyenda ndi chinthu chimene chikuvutitsa mnzake wosalakwa, musadikire kuti mantha athe, satha. Pempherani ngakhale pemphero lamantha ngati langa lija, ndipo mpata ukabwera musaukane.

Mwezi watha, ndege itakonzedwa, Ba Mutinta anandilola kuyambiranso maphunziro, kuyambira pachiyambi penipeni. Malaya a timizere aja ndinawasiya m'sutikesi. Kunali kutagwanso mvula, ndipo Ba Njovu anandipatsa kabotolo kaja. Ndinagwada m'matope pansi pa phiko, ndinatapa mafuta, n'kukweza kabotoloko padzuwa. Pansi pake panali madzi.