Mawu a Malemu Aphiri Mkati mwa Ntchito ya Thoko

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi Ba Mwansa, mnansi wanga kuno ku Mtendere. Anandipeza pamsika ndikusanja tomato, nati, "Amake Thoko, endani kunyumba, mwana wanu alira monga kuli maliro."

Thokozile ndiye mwana wanga woyamba, ndipo chimwalirire bambo ake, Aphiri, ndiye mzati wa nyumba yathu. Anali atangolembedwa ntchito yoyeserera pakampani ina yogulitsa mbewu, yowakonzera webusaiti kuti alimi aziitanitsa mbewu mvula isanagwe. Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma anandifotokozera. Akamaliza kulemba pa laputopu, amatumiza ntchitoyo kunkhokwe ya pa intaneti, iwo amati kupusha, ndipo webusaiti imatenga zatsopano kumeneko. Tsiku limenelo nkhokwe inkakana. Akapusha, pankabwera mawu ofiira akuti muli chinthu chachikulu kwambiri. Abwana anali atanena kuti dzuwa likalowa webusaiti isanatuluke, afuna munthu wina.

Nditafika kunyumba, ndinapeza mwanayo akufufuza osapeza kanthu. Ine ndikanathandiza chiyani? Ndinalowa kuchipinda, ndinagwada, ndinati, Ambuye, munanditengera mwamuna, musatitengerenso ichi. Mawu ena anandithera, ndinangolira.

Ndikutuluka, pakhomo panali Ba Amina, mwana wa Ba Saidi atelala, banja la Chisilamu lochokera ku Malawi. Anabweretsa diresi yanga ya kumpingo. Sindinkadziwa kuti nawonso ndi a ntchito ya makompyuta m'tauni. Atamva za vutolo anakhala pa mphasa, nayang'anitsitsa pa laputopu, kenaka anafunsa, "Iwe Thoko, iyi vidiyo ichita chani mu vinthu va nchito?"

Thoko anagwira pakamwa. Inali vidiyo ya bambo ake akuimba m'kwaya pa Pasaka wawo womaliza. Foni yake itayamba kuzimazima, anaisamutsira mwachangu pa laputopu, m'malo amene amatsegula tsiku ndi tsiku, kuti isasowe. Inasungidwa pamodzi ndi ntchito, ndipo nkhokwe siilandira katundu wolemera chotero. Ba Amina anati kungoifufuta sikukwanira, pakuti makinawo amakumbukira chilichonse chimene chinasungidwapo, iyenera kuchotsedwa ndi m'mbiri momwe.

Apa mwana wanga anakana. "Ni yeka iyi, kulibe ina. Mau ya ba daddy yali umu."

Ba Amina sanamukakamize. Anatulutsa m'chikwama kafulashi, kachipangizo kosungiramo za pakompyuta, anakoperamo vidiyo, anaitsegula kuti tonse tione kuti ilimo, ndipo anandiika m'manja ine. Pamenepo Thoko anavomera. Anayeretsa mbiri ija limodzi, anapusha, mawu ofiira sanabwerenso. Dzuwa lisanalowe webusaiti inatuluka, ndipo abwana anamulembera kuti abwere Lolemba ngati kale.

Madzulo tinakhala tonse, ndi Ba Amina omwe, kuonera Aphiri akuimba. Ndinali ndisanamve mawu awo chiwaikire m'manda.

Abale anga, ine ndinkayembekeza thandizo kuchokera kumpingo, koma Mulungu analitumiza litanyamula diresi. Musaleke kugwada, ngakhale vuto lake ndi loti simulimvetsa. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso banja la Ba Saidi. Kafulashi kaja ndinakamanga pa nsonga ya chitenje ndi kukasunga m'sutikesi. Thoko akadali pa kuyesedwa kuntchito kuja, ndipo azing'ono ake onse akuyang'ana kwa iye. Mukamapemphera, muzikumbukira banja la malemu Aphiri ku Mtendere.