Kavalo Woyera wa Valdomiro

Kwathu ku Alegrete, mawa lake kuli mpikisano wa nyimbo za agaucho, abusa a ng'ombe oyenda pa akavalo, Valdomiro anakhala pakhonde ndi gitala kuti mlongo wake wamkulu, Zulmira, amve nyimbo imene anapeka yokumbukira ubwana wake. Onse awiri imvi zinali mbuu, ndipo Zulmira ankayamwa tiyi wake wowawa wa m'chipanda.

Valdomiro anatsinzina, nayamba: "Ndinabadwira pachishalo, pansi pa thambo..."

"M'khitchini," anatero Zulmira. "Madzi ndinatenthetsa ndine."

"Achemwali, tandisiyani ndiimbe."

"Ndakugwira pakamwa? Imba."

"Kavalo wanga woyera ankasiya mphepo m'mbuyo..."

"Uti? Bulu uja?"

"Kavalo!"

"Anali bulu, iwe. Wotuwa, wotsimphina. Ngakhale nkhuku zinkamupitirira."

Valdomiro anakunga chingwe cha gitala, napitiriza. "Ng'ombe za atate zinadzaza dambo mpaka kolowera dzuwa..."

"Za abwana Teodoro. Atate anali nayo imodzi, nayonso tinadya chaka cha chilala."

"Koma ankaziweta ndani?"

"Atate."

"Ndiye zinali zawo mumtima!"

"Ooo. Akanayesa kugulitsako imodzi ya mumtimayo, bwenzi tikukawaonera kundende."

"Inu simumva! Owadziwa atate atha onse kumanda. Ine ndikapanda kuwaimba, adzawakumbuka ndani?"

Zulmira anayang'ana kumsipu. "Pamenepo walasa. Pitiriza, mwana wa amayi."

"Tsiku limene ndinachoka, amayi analira ngati mvula..."

"Eee, analiradi."

Valdomiro anatukula chifuwa. "Mwaonatu!"

"Akanaleka bwanji? Unathawa ndi bulangeti lawo, chisanu chili pachimake."

Valdomiro anavula chipewa, nachimenyetsa pabondo. "Chabwino! Mukufuna zoona? Nazi zoona." Anakhwatcha zingwe mwamphamvu. "Mlongo wanga Zulmira, mutu uli mpala chifukwa cha nsabwe, anagwera m'dibi la ng'ombe posuzumira mnyamata wa masharubu..."

Zulmira anatsamwa, chipanda chinangotsala pang'ono kugwa. "Iwe! Tseka pakamwa!"

"Anatuluka akununkha mankhwala a nkhupakupa, agalu nkumuthawa..."

"Valdomiro! Mawa kukabwera amayi akutchalitchi! Zidzukulu zanga zikakhala kutsogolo!"

"Nanga ndanama?"

"Sunaname, koma..."

"Simunagwe?"

"Ndinaterereka."

"Mpaka m'khosi?"

"Chotsa ndime imeneyo!"

Valdomiro anatsamiritsa gitala pakhoma, napinda manja. "Ndiye ndiikepo chiyani, achemwali? Poti inu munalipo."

Zulmira anakonza mpango wake, nakweza chibwano. "Unene kuti tsitsi langa linkafika m'chiuno. Kuti ndikamadutsa, anyamata ankagwa pa akavalo."

"Achemwali, limenelotu ndi bodza."

"Aa, iwenso nawe! Unamva kuti nyimboyi ukukaimbira kukhoti?"