Galimoto Yobiriwira ya Mayi Odessa Pettiford

Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi alongo: malemu mayi Odessa Pettiford, achemwali anga, anabadwa pa 9 Epulo 1958 ku Greenwood, m'dera la Mississippi. Ali mwana, akatumidwa kugolosale ankaima panjira n'kumayang'ana minda ya thonje, akuti mitambo yatsika kudzapuma. Mayi athu ankati, "Uyu ngolota masana, sadzapindula."

Mu 1976 anapita ku yunivesite ku Memphis kuno kukaphunzira za chisamaliro cha anthu. Mu 1983 anakwatiwa ndi bambo Lucius Pettiford, oyendetsa basi, amene anatsogola mu 2015.

Mu 1990 anayamba kafukufuku wa matenda ovutika maganizo pakati pa achinyamata akuda. Anapeza kuti ana athu ukawakhazika mu ofesi n'kuwayang'ana m'maso, amangoti ali bwino. Ndiye makolo akalola, ankawakweza m'galimoto yawo yakale yobiriwira n'kumayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mtsinje, mawindo otsegula, wailesi ikuimba chapansipansi. Mwana maso ali pamadzi, mawu ankatuluka okha.

Ine ndinkawaseka. "Achemwali, sukulu yonse ija kuti mukhale dalaivala? Matenda amenewo ndi a azungu, ife timangopemphera basi."

Mu 2009 mwana wanga Jabari, ali ndi zaka 15, anasiya mpira, anasiya kudya nafe, makatani osatsegula. Ine, dikoni wa mpingo uno, ndinati ndi ulesi, ndipo za m'nyumba mwanga zisamveke kunja. Achemwali anafika Loweruka lina, osatsika n'komwe m'galimoto. Anangoliza hutala n'kukuwa, "Iwe Jabari, tiye undiperekeze, azakhali ako maso akalamba!" Anabwerako dzuwa likulowa. Achemwali ananditengera pambali n'kundiuza kuti mwanayo anali atalemba kale kalata yotitsanzika. Ndinakhala pansi pakhonde. Lolemba lake ndinamuperekeza ndekha kwa dokotala.

Mu Novembala chaka chatha anawapeza ndi khansa. Masiku otsiriza ankagona akumwetulira, akutchula mayina a ana aja ankawakweza m'galimoto mmodzimmodzi ngati akuwaona akubwera poteropo. Anatisiya m'mawa wa pa 3 Malichi, ali ndi zaka 66.

Asiya ana awiri, Lenora ndi Amos, adzukulu asanu, ndi ine mlongo wawo wouma mutu. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a kwaya amene aphika sabata yonse, ndi ophunzira awo, omwe ankawaphunzitsa ku yunivesite, amene adzaza mabenchi akumbuyoko.

Posachedwa amuna asanu ndi mmodzi anyamula bokosi. Wandevu uyo, amene akupatsira mkazi wake khanda kuti aimirire, ndi Jabari. Achemwali, muli moyo sindinakupepeseni. Pepani, ndipo zikomo. Mzimu wanu uuse mumtendere.