Aphunzitsi Amene Anazengedwa Mlandu wa Nthano

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1961, oyamba m'banja la ana asanu. Anamaliza maphunziro a uphunzitsi mu 1983, ndipo mu 1986 anakwatiwa ndi bambo amene ankagawa mankhwala pa chipatala chaching'ono.

Mayiwa ankaphunzitsa sayansi ya zaumoyo. Ataona ana akusinza pa mabenchi, anasiya kulembetsa zapabolodi, nayamba kufotokoza matenda ngati nthano: kamwana ka chikuku kamene makolo anakatsekera m'chipinda chamdima, mayi wa chifuwa amene ankabisa mpango wamagazi pansi pa pilo. Ana ankakhala chete kuti zii, mayeso n'kumakhoza. Anawapatsa dzina loti Mayi Padangokhala.

Koma nthano zija zinafika kumakomo. Aliyense amene anali ndi wodwala m'nyumba anayamba kudziona m'menemo. Manong'onong'o anati amuna awo amawaululira zinsinsi za odwala. Anthu anasiya kuwayankha moni. Nawonso malemu anayamba kutseka mawindo a kalasi, osadziwa kuti mwana wotumidwa kudzamvetsera ndi uti.

Mu 1998 komiti ya sukulu inawalamula kuti atchule mayina a odwalawo. Iwo anayankha kuti kamwana ka chikuku kanali kamng'ono kawo, kamene kanazizirira kumsana kwawo panjira ya kuchipatala, ndipo mwini mpango anali mayi awo owabereka. Ife akubanja tikuikira umboni, mwanayo ndi mayiwo tinawaika tokha. Komiti sinakhulupirire. Malemu anasamutsidwa, amuna awo anachotsedwa ntchito, ndipo bambowo anamwalira mu 2004 dzina lawo lisanayeretsedwe. Amene anayambitsa nkhaniyi sanadziwike mpaka lero. Mwina ali pompano, mwina anyamula nawo bokosi. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Malemu sanasiye nthano mpaka anapuma ntchito mu 2021. Anayamba kudwala impso mu Juni chaka chatha, koma anatiletsa kuuza anthu. Atisiya Lachiwiri lapitali.

Asiya ana atatu, zidzukulu zinayi, ndi ife alongo awo awiri. Tikuthokoza anamwino, makamaka awiri amene anali ana awo a sukulu, amene ankawasambitsa osanyansidwa. Tikuthokozanso nonse mwabwera, amene mwabwera kudzalira ndi amene mwabwera kudzaona.

Achemwali, pumani mumtendere. Kumene mwapitako kulibe komiti.